Kuyeza Kuyenda ndi Moyo wa Mabakiteriya pa Maikulosikopu Pamene Akusasitsa Zinthu

Munthu amene akuyang'anira thanki kapena botolo lomwe mabakiteriya akusasitsiramo zinthu amadalira kwambiri pH (muyezo umene umatsika asidi akamachuluka), kutentha ndi kuvunduka kwa madzi, koma zizindikiro zimenezi zimachedwa kusintha, ndipo zikamadzasintha vuto limakhala litakula kale. Kubzala mabakiteriya pa mbale ya agar (chakudya cholimba ngati jele chimene amamerapo) kumapereka yankho lodalirika, kungoti yankholo limabwera patapita tsiku limodzi kapena atatu, thanki ija itatha kale ntchito kapena itaonongeka. Dontho limodzi loikidwa pa maikulosikopu limakuonetsani maselo enieniwo m'mphindi zosakwana khumi. Kuti dontholo likuuzeni zoona, muyenera kusiyanitsa mafunso awiri amene anthu ambiri amawaphatikiza: funso lakuti kodi mabakiteriyawa akuyenda, ndi funso lakuti kodi ali moyo. Selo limene likusambira lili moyo mosakayikira, koma selo limene langokhala chete likhoza kukhala lamoyo, lofooka kapena lakufa, ndipo diso lokha silingathe kugamula.

Dziwani kaye khalidwe la bakiteriya wanu

Musanatenge dontho lililonse, fufuzani ngati mtundu umene mukuweta uli ndi timichira tosambirira totchedwa flagella. Mabakiteriya ambiri opanga asidi wa lactic alibe timichirati. Lactobacillus delbrueckii subsp. bulgaricus ndi Streptococcus thermophilus amene amapanga yogati, komanso Lactococcus lactis ndi Leuconostoc, sasambira ngakhale atakhala athanzi chotani. M'thanki ya mitundu imeneyi, selo looneka ngati kandodo limene likudutsa mothamanga pakati pa anzake osayenda ndi mlendo amene walowa mosafunika, ndipo nthawi zambiri amakhala wa mtundu wa Bacillus kapena wa gulu la mabakiteriya a m'matumbo. Zimenezi zimagwiranso ntchito pa yisiti, amene maselo ake ndi aakulu kuposa a mabakiteriya ndipo sasambira konse: kanthu kakang'ono koyenda pakati pa yisiti n'chizindikiro chakuti muli zina zimene simunathiremo.

Pa mitundu ina zinthu zimatembenuka. Clostridium acetobutylicum, amene Chaim Weizmann anamugwiritsa ntchito popanga acetone ku Britain pa nthawi ya nkhondo yoyamba ya padziko lonse, amasambira mwamphamvu ali wamng'ono, ndipo kuleka kwake kusambira kumakuuzani pamene ntchito yafika. Bacillus subtilis ndi Escherichia coli nawonso amasambira. Choncho kuyenda kumene kuli nkhani yabwino m'thanki ina ndi nkhani yoipa m'thanki inzake, ndipo wosadziwa mtundu wa bakiteriya wake akhoza kusangalala ndi chinthu chimene chimayenera kumudetsa nkhawa.

Kukonza maikulosikopu

Bakiteriya wamba amakhala ndi m'lifupi mwa pafupifupi maikulomita imodzi (gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita) ndi m'litali mwa maikulomita awiri mpaka asanu, ndipo alibe mtundu, moti kuwala kumangomudutsa. Maikulosikopu ya phase contrast, imene Frits Zernike anatulukira ndipo analandirira mphotho ya Nobel mu 1953, ndi imene imathandiza kwambiri pa ntchitoyi, chifukwa imaonetsa maselo amoyo ali akuda pa malo otuwa popanda kuwathira utoto umene ungawaphe. Onetsetsani kuti nambala ya pa condenser (kachipangizo kosonkhanitsa kuwala kamene kali pansi pa silaidi) ikugwirizana ndi imene yalembedwa pa lenzi, monga Ph2 kapena Ph3, apo ayi mudzangoona mbuu. Ngati muli ndi maikulosikopu wamba, tsekani pang'ono chitseko cha kuwala cha pa condenser mpaka maselo atayamba kuoneka, koma musachitseke kwambiri, chifukwa m'mbali mwa selo lililonse mumayamba kuoneka mizere yabodza.

Poyeza kuyenda, lenzi ya 40x yophatikiza ndi yoyang'anirapo ya 10x, zomwe zimakulitsa chinthu ka 400, ndi yokwanira ndipo ndi yabwino kuposa ya 100x, chifukwa imaonetsa malo aakulu ndipo selo losambira silituluka msanga m'maso mwanu. Lenzi ya 100x, imene imafuna dontho la mafuta ake apadera, muisungire kuona maonekedwe a selo ndi utoto. Magalasi ovindikira akhale a makulidwe a mamilimita 0.17, popeza malenzi ambiri anapangidwira muyezo umenewu.

Kutenga sampulo

Apa ndi pamene ntchito yambiri imaonongekera, maikulosikopu isanayatsidwe n'komwe. Tayani kaye madzi oyamba otuluka pa mpopi wa thanki, chifukwa amenewo akhala mumpaipi kwa nthawi, pa kutentha kosiyana ndi kwa m'thanki, ndipo maselo ake sakuimira anzawo. Tengani sampulo pamalo amodzimodzi nthawi zonse, madzi atasakanikirana bwino, ndipo nthawi yomweyo lembani ola, pH ndi kutentha.

Timichira ta bakiteriya n'tosachedwa kuthothoka. Sampulo yoyezera kuyenda musaikhutchumule pa vortex (makina okhutchumulira), musaizungulitse pa centrifuge (makina ozungulitsa mofulumira kuti maselo akhazikike pansi), ndipo musaikoke n'kuibweza kambirimbiri ndi pipeti ya kamwa yaing'ono, chifukwa mukatero mudzapeza maselo amoyo ndithu koma opanda chosambirira, n'kulemba kuti afooka pamene mwawapundula nokha. Ngati madziwo ndi ovunduka kwambiri ndipo pafunika kuwasungunula, gwiritsani ntchito madzi a m'thanki momwemo amene mwawasefa kuchotsa maselo, kapena chakudya chawo chatsopano chotenthetsedwa mofanana ndi thanki. Madzi wamba ozizira amasintha nthawi imodzi mchere, pH ndi kutentha, ndipo chimene mudzaone chidzakhala kudzidzimuka kwa maselo, osati mmene analili. Kuchokera pa mpopi kufika pa maikulosikopu pasadutse mphindi zoposa zisanu, ndipo ngati thanki ndi yofunda, magalasi anu akhale pamalo ofunda.

Mpweya nawo uli ndi nkhani yake. Mu 1861 Louis Pasteur, akuyang'ana dontho la mabakiteriya opanga asidi wa butyric, anaona kuti a m'mphepete mwa dontho, kumene mpweya unkafika, anasiya kuyenda, pamene a pakati anapitiriza kusambira, ndipo zimenezi zinamuthandiza kuzindikira kuti pali zamoyo zimene okosijeni amazivulaza. Zomwezo zidzachitika pa galasi lanu. Mabakiteriya odana ndi okosijeni, monga Clostridium, muwaone pakati pa dontho ndipo mutseke m'mbali mwamsanga. Okonda okosijeni amachita mosemphana: amaunjikana m'mphepete kapena kuzungulira kathovu ka mpweya, ndipo a pakati amaima pakapita mphindi zochepa chifukwa atha mpweya umene unalipo.

Kuika dontho pa galasi

Njira yachidule ndi kuika maikulolita 5 mpaka 10 (maikulolita 1,000 ndi mililita imodzi) pa silaidi yoyera, kutsitsa galasi lovindikira mopendeketsa kuti lisatsekere thovu, kenaka kumata m'mbali zonse zinayi ndi Vaseline. Kumatako n'kofunika chifukwa dontho losamatidwa limauma kuchokera m'mbali, ndipo kuumako kumakoka madzi onse kupita mbali imodzi. Musapanikize galasi lovindikira, poti maselo ofinyidwa pakati pa magalasi awiri sangasambire.

Njira ina, yabwino kwa amene akufuna kuyang'ana kwa nthawi yotalikirapo, ndi ya dontho lolendewera. Ikani kadontho kakang'ono pakati pa galasi lovindikira, pakani Vaseline mozungulira dzenje la silaidi yokhala ndi kadzenje, vindikirani silaidiyo pamwamba pa galasilo, kenaka tembenuzani mwachangu kuti dontho lilendewere m'dzenjemo osakhudza pansi. Yambani ndi lenzi ya 10x kupeza m'mphepete mwa dontho, pamene pamaoneka ngati mzere wokhota, ndipo mukapapeza sinthirani ku 40x.

Kusiyanitsa mayendedwe atatu

Chilichonse chaching'ono chimene chili m'madzi chimanjenjemera, chamoyo kapena chakufa. Robert Brown anafotokoza kunjenjemera kumeneku mu 1827 ataona tizidutswa tochokera mu mungu wa maluwa, ndipo kumachitika chifukwa mamolekyu a madzi amagunda kanthuko mbali zonse mosalekeza. Selo limene likunjenjemera chotere limagwedezeka pamalo amodzi, ndipo mukaliyang'anitsitsa kwa masekondi khumi mudzaona kuti silinapite kulikonse. Ambiri oyamba kumene ntchitoyi amalemba kuti mabakiteriya awo akuyenda ataona zimenezi, ngakhale pa sampulo imene yaphedwa ndi moto.

Mayendedwe achiwiri ndi a kukokoloka, pamene maselo onse pamodzi ndi zinyalala akulowera mbali imodzi pa liwiro lofanana, ngati masamba otengedwa ndi madzi a mumtsinje. Izi zimasonyeza kuti dontho likuuma, galasi lapendekeka, kapena lenzi yakhudza galasi lovindikira. Dikirani mphindi imodzi, ndipo ngati sizikusiya konzani silaidi ina.

Kusambira kwenikweni kumadziwika chifukwa selo limachoka pamalo n'kuyenda mtunda wotalika kangapo kuposa thupi lake, mbali yosiyana ndi kumene anzake akulowera, ndipo maselo awiri oyandikana akhoza kudutsana wina akupita uku wina uko. Escherichia coli amasambira mowongoka kwa pafupifupi sekondi imodzi, pa liwiro la maikulomita 20 mpaka 30 pa sekondi, kenaka amagubuduka kanthawi kochepa kwambiri n'kulowera kwina. Nthawi zina mudzaona selo likuzungulira pamalo amodzi mofulumira: limenelo lakodwa pa galasi ndi kamchira kake, ndipo muliwerengere m'gulu la oyenda. Kuti diso lizolowere, tenthetsani gawo lina la sampulo mpaka maselo afe, muliike pa silaidi yake, ndipo muziyerekeza ndi sampulo yamoyo. Mphindi zochepa zoyerekeza chonchi zimaphunzitsa zambiri kuposa kufotokoza kulikonse.

Powerenga, lunjikitsani maso pakati pa kuya kwa dontho, osati pa galasi lapansi pomwe maselo omatirira ndi akufa amaunjikana. Sankhani malo osachepera asanu mosakondera, osati okhawo amene akuoneka osangalatsa, ndipo muwerenge maselo osachepera 200 onse pamodzi. Ngati pali kamera, kapena foni yomangirira bwino pa lenzi yoyang'anirapo, jambulani vidiyo ya masekondi khumi pa malo alionse, chifukwa kuwerenga zinthu zothamanga ndi maso okha kumachititsa munthu kukokomeza chiwerengero cha oyenda, popeza ndi amene amakopa diso. Zimitsani kapena chepetsani nyale mukakhala kuti simukuyang'ana, kuti isatenthetse dontho.

Maonekedwe a selo

Mukamaliza za kuyenda, pitani ku lenzi ya 100x. Pa phase contrast, selo lathanzi limaoneka lakuda mofanana thupi lonse ndipo m'mbali mwake mumakhala mosalala. Selo limene laphulika n'kutaya zam'kati limaoneka lotuwa, ngati chikhungwa chabe. Kadontho kowala kwambiri mkati mwa kandodo kapena kali pakokha ndi spore (kathupi kolimba kogona, kopirira mavuto), imene Bacillus ndi Clostridium amapanga chakudya chikatha kapena zinthu zikavuta. Maselo otalika modabwitsa ngati ulusi amasonyeza kuti akukula koma akulephera kugawikana, zomwe zimachitika akapanikizidwa ndi asidi, kutentha kapena kusowa kwa chakudya china. Lembaninso ngati maselo ali paokha, awiriawiri kapena m'mizere yolumikizana, chifukwa zimenezi zidzakhudza chiwerengero chanu pambuyo pake.

Kuyeza moyo ndi utoto

Utoto wa Gram, umene Hans Christian Gram anayambitsa mu 1884, umathandiza kudziwa gulu la mlendo amene mwamupeza, koma sunena kanthu za moyo, chifukwa maselo amaphedwa pokonza silaidiyo. Methylene blue amagwira bwino ntchito pa yisiti, pomwe maselo akufa amatenga mtundu wabuluu ndipo amoyo amakhala oyera, koma pa mabakiteriya musamudalire.

Njira yofala pa mabakiteriya imafuna maikulosikopu ya fluorescence, imene imaonetsa utoto wowala ukaombedwa ndi kuwala kwapadera, ndi mitundu iwiri ya utoto. SYTO 9 amalowa m'maselo onse n'kuwala mobiriwira, pamene propidium iodide amalowa m'maselo okhawo amene khungu lawo laboola, n'kuwala mofiira. Pa gawo ili centrifuge ndi yololedwa: tsukani maselo ndi madzi a mchere wa 0.85 peresenti kuti muchotse chakudya chawo, chimene chimatha kumwa utoto kapena kuwala pachokha, thirani utoto malinga ndi muyezo wa pa pepala la amene anaupanga, sungani mumdima kwa mphindi 15, ndipo muike maikulolita 5 pa silaidi. Jambulani msanga, chifukwa kubiriwira kumazilala kuwala kukamaomba pamalo amodzi, ndipo mukachedwa ofiira adzaoneka ochuluka kuposa mmene alili. Valani magolovesi, popeza utoto wonsewu umamatirira ku DNA ndipo uyenera kutengedwa ngati chinthu choopsa.

Musakhulupirire utoto umene simunauyese pa bakiteriya wanu. Tengani maselo amene akukula bwino, muwagawe pawiri, gawo limodzi muliphe ndi isopropanol (mtundu wa spiriti) wa 70 peresenti kwa ola limodzi, kenaka musakanize amoyo ndi akufa theka ndi theka. Ngati utoto sukuonetsa pafupifupi theka lobiriwira ndi theka lofiira, sinthani muyezo wake mpaka utatero, chifukwa mitundu ya mabakiteriya imamwa utoto mosiyana.

Ngakhale zonse zitayenda bwino, utotowu umayankha funso limodzi lokha, lakuti kodi khungu la selo ndi lathunthu. Selo likhoza kukhala lobiriwira koma losathanso kuberekana, ndipo lina lofiirira pang'ono likhoza kuchira likaikidwa m'chakudya chatsopano. Pali msampha winanso umene umagwira ngakhale odziwa ntchito: maselo amene afa n'kusungunuka saoneka konse, obiriwira kapena ofiira, moti thanki imene yataya maselo ochuluka ikhoza kuonetsa kuti pafupifupi onse otsalawo ndi amoyo. N'chifukwa chake peresenti ya amoyo payokha, popanda chiwerengero cha maselo onse, ndi nambala yosocheretsa.

Kuwerenga maselo onse

Chiwerengerochi chimapezeka ndi silaidi yowerengera ya Petroff-Hausser, imene kuya kwake ndi mamilimita 0.02 ndipo kabokosi kake kakang'ono kalikonse ndi gawo limodzi mwa magawo 400 a sikweya milimita. Kuti mupeze maselo a mu mililita imodzi, chulukitsani avareji ya maselo a m'kabokosi kamodzi ndi 20,000,000, kenaka ndi mlingo umene munasungunulira. Mwachitsanzo, ngati avareji ndi maselo 12 ndipo munasungunula kakhumi, ndiye kuti muli maselo 2,400,000,000 mu mililita. Maselo osambira muyambe mwawaimitsa ndi kadontho ka formalin (mankhwala opha ndi kuumitsa maselo), ndipo mudikire kuti akhazikike musanawerenge. Njirayi siithandiza maselo akakhala ochepera pafupifupi 1,000,000 mu mililita, choncho kusaona mlendo pa silaidi kumayambiriro sikutanthauza kuti mulibe.

Pa nthawi zingapo zofunika, bzalaninso sampulo yomweyo pa mbale, monga agar ya MRS kwa mabakiteriya a asidi wa lactic. Chiwerengero cha pa mbale chidzakhala chotsika kuposa cha pa maikulosikopu pafupifupi nthawi zonse, ndipo chifukwa china n'chakuti mzere wa maselo asanu ndi atatu olumikizana umamera ngati gulu limodzi lokha. Chimene muyenera kuyang'ana ndi mmene kusiyanako kukusinthira: ngati kukukulirakulira pamene mizere sinatalike, maselo akutaya mphamvu yoberekana.

Kumasulira zimene mwaona

Silaidi imodzi siinena zambiri. Phindu limabwera mukamaona thanki yomweyo mobwerezabwereza, kuyambira pa mbewu ya mabakiteriya imene mukufuna kuthira m'thankimo, kenaka mutangothira, ndiyeno maola awiri kapena anayi alionse pamene maselo akukula mofulumira, pogwiritsa ntchito lenzi yomweyo ndi mlingo womwewo wosungunulira. Pa ola lililonse lembani pamzere umodzi pH, chiwerengero cha onse, gawo la oyenda, gawo la obiriwira ndi maonekedwe. Mathanki angapo amene anayenda bwino adzakupatsani chithunzi choyerekezera, ndipo chimenecho n'chodalirika kuposa nambala ya m'buku, chifukwa ndi cha bakiteriya wanu m'chakudya chanu.

Clostridium acetobutylicum amaonetsa bwino mmene mzere woterewu umawerengedwera. Poyamba maselo amakhala timindodo toonda tosambira mwamphamvu, uku akupanga asidi wa acetic ndi wa butyric, ndipo pH imatsika. Kenaka kusambira kumachepa, maselo amatupa pakati chifukwa chosunga chakudya chotchedwa granulose chimene chimada chikathiridwa ayodini, pH imasiya kutsika n'kuyamba kukwera pang'ono, ndipo apa ndi pamene acetone, butanol ndi ethanol zimapangidwa, pa mlingo wa pafupifupi 3 kwa 6 kwa 1. Pomaliza ma spore amaoneka. Kuleka kusambira kotsagana ndi kutupa ndi kukwera kwa pH ndi chizindikiro chabwino. Koma maselo akaima ali oonda, pH ikupitirirabe kutsika ndipo ofiira akuchuluka, ndiye kuti asidi wawapitirira mphamvu asanasinthe ntchito. Injini ya kamchira mwa mabakiteriya ambiri imayendetsedwa ndi ma proton (tizigawo ta haidrojeni tokhala ndi mphamvu ya magetsi) olowa m'selo kudzera pa khungu, ndipo asidi wotere akachuluka mkati amafooketsa mphamvu imeneyi, n'chifukwa chake kusambira kumayamba kuima selo lisanafe. Nthawi imeneyo ndi imene mungathe kukonza pH zinthu zisanafike poipa.

M'thanki ya mabakiteriya osasambira, zizindikiro zake n'zina. Ngati pH yasiya kutsika nthawi isanakwane, chiwerengero cha onse chagwa mwadzidzidzi, mizere yaduka ndipo pa silaidi padzaza zikhungwa ndi tizidutswa, ganizirani za mavairasi ogwira mabakiteriya otchedwa bacteriophage. Mavairasiwo ndi aang'ono kwambiri moti maikulosikopu ya kuwala, imene malire ake ali pafupifupi maikulomita 0.2, singawaonetse, ndipo kuti mutsimikize muyenera kusefa sampulo n'kuidonthezera pa mbale yomwe mwabzala bakiteriya wanu wathanzi, n'kuona ngati pabooka timalo toyera. Ngati m'malo mwake chiwerengero chili bwino koma mwaona timindodo tochepa tosambira, tengani sampulo ina pa mpopi wotsukidwa ndi zida zatsopano musanaweruze thanki yonse, popeza mlendoyo akhoza kukhala wochokera mumpaipi kapena m'madzi osungunulira. Akapezekanso kachiwiri, chitani utoto wa Gram, bzalani pa mbale, ndipo muonenso pakapita ola limodzi kuti mudziwe ngati akuchuluka kapena asidi wayamba kale kumugonjetsa.

Magalasi onse amene akhudza sampulo yamoyo muwaponye m'mankhwala ophera tizilombo kapena muwaphike mu autoclave (chipangizo chophera tizilombo ndi nthunzi) pa madigiri 121 kwa mphindi 15, a utoto wa fluorescence ndi a formalin muwasunge padera monga zinyalala za mankhwala, ndipo mafuta a pa lenzi ya 100x muwapukute ndi pepala la malenzi tsiku lomwelo, mukusamala kuti asafike pa lenzi ya 40x imene mudzaifune pa sampulo yotsatira.